Magazi a Bambo Akuthamangira Kuti?

Bambo anga ndi munthu wosavuta kukhala naye. Ndikunena izi poyamba penipeni, wina angati ndikuwadya miseche. Chimwalirire amayi, ine ndi amuna anga tinawatenga kuti tizikhala nawo, n'kuwapatsa chipinda chakumbuyo, chija chili ndi zenera loyang'ana ku chingwe choyanikapo zovala. Sadandaula za chakudya, salimbirana wailesi ndi munthu, ndipo chilowere iwo m'nyumba muno palibe mpope unadonthapo mpaka kucha. Moyo wawo wonse agwira ntchito yokonza mipope ya madzi, moti anthu a mumsewu wathu amangowatchula kuti a Sipanala, iwo n'kumavomera akumwetulira.

Vuto lawo ndi limodzi lokha. Akamvetsa chinthu mwa njira yawo ndiye kuti chamveka basi, ngakhale mutabwera ndi ndani.

Chaka chatha kuchipatala anawapeza ndi bipi, ine ndili pomwepo. Adokotala anawalembera mapilitsi n'kuwauza kuti azimwa limodzi m'mawa uliwonse osadumphitsa. Bambo anafunsa kuti bipiyo n'chiyani, poti iwo sankamva kupweteka paliponse. Adokotala, maso ali pa mzere wa odwala umene unali pakhomo, anangoti ndi kuthamanga kwa magazi. Bambo anagwedeza mutu, ife n'kutuluka. Mapilitsiwo ankamwa ndithu, ngakhale ankang'ung'udza kuti akuwapititsa kuchimbudzi pafupipafupi ngati mwana wa sukulu ya mkaka, ndipo ine nkhaniyo ndinaichotsa m'mutu.

Ine ndili ndi saluni. Ndi kachipinda kamodzi pakati pa shopu yokonza mafoni ndi butchala: magalasi awiri, mipando itatu, chowumitsira tsitsi chaphokoso, ndi sinki yotsukira mitu pakona. Tsiku lina sinkiyo inatseka, madzi a sopo n'kungoti ndundundu osatsika. Ndinawaimbira Bambo. Anafika mosachedwa ndi chikwama chawo cha zida, atavala ovololo yawo yakale yabuluu, nkhope ili ngwee. Munthu wopuma pa ntchito mukamuitana kuti adzakonze chinthu, mwamupatsa mphatso.

Anagona chagada pansi pa sinki, miyendo yokha ikuoneka. Ine ndinali kuluka mayi wina wa mutu wosachedwa kupweteka. Bambo anamasula kachigongono ka mpope n'kusolola chimtolo cha tsitsi chakuda bii, chonunkha, n'kuchikweza m'mwamba monyadira.

"Waona, mayi?" Amanditchula choncho chifukwa akuti ndinatenga nkhope ya amayi awo. "Madzi akamayenda mwaulesi nyansi zimakhazikika, mpope n'kutseka. Madzi othamanga satseka mpope. Magazinso n'chimodzimodzi. N'chifukwa chake ine zija ndinasiya."

Ndinafunsa kuti zija ziti. Anati mapilitsi, ngati akunena za masokosi akale. Anali atasiya masabata angapo m'mbuyomo. Mzere wotsatira wa tsitsi ndinauluka mokoka kwambiri mpaka mayi uja anandifunsa kuti wandilakwiranji.

Pamaso pa kasitomala sindinafune kukokana ndi bambo anga. Ndinadikira madzulo, titadya, amuna anga ali kukhitchini akutsuka mbale. Bambo sanazembe ayi. Anakatenga foni yawo, anavala magalasi, anafufuza ndi chala chimodzi, n'kuiika patebulo kuti ndimvere ndekha.

Unali uthenga wa mawu. Ankayankhula bambo wina wa mawu osalala, kanyimbo kofewa kakulira kumbuyo. Anati iyeyo ndi dokotala wamkulu amene anachotsedwa ntchito chifukwa chonena zoona. Anati magazi analengedwa kuti azithamanga, ndipo mapilitsi amawachedwetsa mpaka kuundana m'mitsempha. Anati mankhwala enieni ali m'khitchini mwanu momwemo: madzi ofunda, ndimu ndi adyo, m'mawa musanadye kanthu. Zimenezi akuti zimatsuka mitsempha, zimathetsa bipi, shuga, nyamakazi ndi kuiwalaiwala komwe, koma madokotala safuna kuti inu mudziwe. Pomaliza anatsitsa mawu n'kuti, "Musaumire uthengawu. Utumizeni kwa munthu amene mumamukonda."

Apo m'pamene ndinazindikira kumene mandimu anga ankapita. Ndinali nditawanamizira amuna anga kwa masabata, iwo akukana mpaka kulumbira.

Ndinayang'ana pafoni kuti ndione amene anatumiza. Anali mlongo wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, amene tonse timangomutchula kuti Mzime ngakhale pano ali ndi ndevu. Amagwira ntchito kutali, m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu, ndipo chiikire maliro a amayi sanabwerenso. Ndi munthu wa zii chibadwire. Saimba foni, ukamuimbira amayankha ndi mawu atatu n'kudikira kuti udule. Koma m'mawa uliwonse amawatumizira Bambo kenakake: chithunzi cha maluwa, ka vidiyo ka mphaka, uthenga wa anthu ena. Ndinati mumtima iyeyo ndithana naye pambuyo, ndiyambe ndazimitsa moto uli m'nyumba.

M'saluni zoterezi ndimazimva tsiku ndi tsiku. Wina akuti anyezi m'sokosi amayamwa matenda, wina akuti madzi ozizira amaumitsa mafuta m'mimba. Ine ndimangoseka n'kumapitiriza kuluka, poti ndi za eni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinawafunsa Bambo kuti dokotalayo dzina lake ndani, anati sanatchule. Chipatala chake n'chiti, sanatchule. Ndinati munthu wonena zoona amabisiranji dzina, ndipo mankhwala amodzi angachize bwanji matenda onsewo, kuyambira m'mawondo mpaka m'mutu? Ndinatinso ngati adyo akanakhala kuti amathetsa bipi, bwenzi ogulitsa adyo kumsika ali ndi mzere kuposa kuchipatala.

Bambo anandimvera mpaka ndinamaliza, manja atapinda pamimba. Kenaka anayankha modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunandipsetsa mtima. Anati chisiyire mapilitsi mutu suwawa, chizungulire palibe, ulendo wa kuchimbudzi unachepa. Anati zimene akunena munthuyo n'zimene iwo aziona ndi maso awo m'mipope zaka zonsezi. Anatinso bambo wa mu foniyo wawafotokozera bwinobwino, pang'onopang'ono, pamene adokotala aja sanawayang'ane n'komwe kumaso. Tsikulo ndinalipo, ndipo zinali zoona.

Pakamwa panga sipachedwa. Ndinakweza mawu n'kuwauza kuti thupi la munthu si sinki ya m'saluni. Bambo anavula magalasi, anatenga foni yawo, anatifunira usiku wabwino mwaulemu wonse, n'kupita kuchipinda kwawo. Amuna anga anatuluka m'khitchini akupukuta manja. Anati choyamba ndiwapepese pa nkhani ya mandimu, chachiwiri munthu wamkulu sakokedwa ndi mawu okweza, ndingowapempha tipite limodzi akayezedwe. Zonse ziwiri ndinachita, ngakhale choyambacho ndinachita ndikuyang'ana kumbali.

Bambo anavomera kupita, ndikuganiza kuti ankafuna kukandichititsa manyazi ndi makina omwe. Anasita malaya awo oyera, n'kumwa kapu yawo ya ndimu ine ndikuona. Kuchipatala tinapeza nesi wina wamtali, wa imvi za m'mbali, wosapupuluma. Anawamanga lamba pamkono, makina n'kufufuma. Anawerenga, anakweza nsidze, n'kuwauza kuti apume kaye. Atawayezanso, bipi inali ikadali pamwamba. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndiwanenere, koma nesiyo anandiletsa ndi dzanja n'kupempha eni ake kuti afotokoze okha.

Bambo anafotokoza zonse, za madzi aulesi, za chimtolo cha tsitsi, za dokotala wochotsedwa ntchito. Nesi anamvera osawadula. Atamaliza anawafunsa ntchito yawo, ndipo atamva anaseka pang'ono, osati kuwaseka iwo ayi. Anati mlandu ndi wa dzina loti kuthamanga kwa magazili, lasocheretsa anthu ambiri.

"Bambo, tiyerekeze kuti pampu ikukankha madzi mwamphamvu kwambiri mu mpope wakale, usana ndi usiku. Chimachitika n'chiyani?"

"Umaphulika," anatero Bambo mosaganiziranso. "Pamalo pofooka, makamaka polumikizira."

"Umayamba wachenjeza?"

"Ayi. Umangoona khoma lanyowa."

"Ndiye magazi anuwa sikuti ali pa liwiro, ngati akuthamangira kwinakwake. Akukankha makoma a mitsempha mopitirira muyeso. Ndipo pofooka pa munthu ndi mu ubongo, mumtima ndi mu impso."

Bambo anayang'ana lamba uja. Kenaka anamenya bondo lawo ndi chikhatho. "Presha! Bwanji sananene kuti presha? Ine chaka chonse ndikuganiza za liwiro!"

Nesi anawauza kuti ndimu ndi adyo azidya ngati amazikonda, koma sizingalowe m'malo mwa mapilitsi, ndiponso kuti kusamva kupweteka sikutanthauza kuti zili bwino. Za kuchimbudzi anati akanabwera kudzanena, chifukwa mankhwala a bipi alipo amitundumitundu. Anatilowetsa kwa adokotala, amene anawasinthira mtundu wina. Pobwerera Bambo anandifotokozera za presha njira yonse, ngati kuti ine sindinali m'chipindamo, mpaka anaima pa mpope wina wa m'mbali mwa msewu kundionetsa pamene ungaphulikire. Ndinawagulira sikono, ine ndekha mtima uli mbee.

M'mawa mwake ndinaika pilitsi pa kambale pambali pa tiyi wawo n'kupita kuntchito. Pobwera madzulo ndinalipeza lili pomwepo, ndipo kapu ya ndimu inali yotsuka kale pa thandala. Ndinati mwina aiwala. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ndinagwira njakata. Munthu wamvetsa yekha, wafotokoza yekha, wamenya bondo pamaso pa nesi, nanga tsopano chatsala n'chiyani? Ndinkaluka anthu maso ali pafoni, ikalira mtima n'kudumpha, kuopa kumva kuti a Sipanala agwa pabwalo. Ndinali ndi mantha, ndipo ine mantha anga amatuluka ngati ukali, moti tsiku limenelo ndinakalipira mnyamata wa pabutchala chifukwa choti anandipatsa moni kawiri.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo wachisamba ndine. Tsiku lachitatu sindinatsegule saluni m'mawa. Ndinakhala nawo patebulo, kambale ka pilitsi kali pakati pathu, n'kudziuza kuti lero ndiyankhula ngati nesi uja. Ndinawafunsa mofatsa ngati pali chimene sanamvetse. Anati zonse anamva, ndipo nesiyo akunena zoona, bambo wa mu foni uja ndi wabodza. Ndinati nanga bwanji. Anazunguza kapu yawo kanthawi asanayankhe.

"Mlongo wako, kutali konse kuja, anakhala pansi, anamvera, n'kuganiza za ine. Unamva wekha mmene akumalizira uthengawo. Ndinamuyankha kuti ndayamba ndipo zikundithandiza. Tsopano ndimuuze kuti chiyani, kuti wanditumizira bodza? Mwana uja sayankhula, mayi. Ndikamutsutsa asiya kutumiza."

Ndinawayang'ana bambo anga, munthu wa manja okhakhala amene sanaliretu ngakhale pamanda a mkazi wake, ndipo ukali wonse unandithera. Ndinawamvera chisoni. Komanso ndisaname, kansanje kanandigwira. Ine amene ndimawaphikira ndi kuwachapira mawu anga amapita ndi mphepo, koma wotumiza zithunzi za mphaka ndiye akumvedwa.

Ndinatenga foni yanga n'kumuimbira Mzime pomwepo, nditaika pa sipika. Anayankha kumbuyo kwake kukumveka phokoso la magalimoto onyamula katundu. Ndinamufunsa ngati akukumbukira uthenga wa dokotala wa ndimu ndi adyo umene anawatumizira Bambo.

"Uti umenewo, achemwali?" Anaseka. "Aa, zimenezo ine sindimvera n'komwe, zimatalika. Zimabwera pa gulu la anzanga a kuntchito, ine ndimangodina n'kutumiza."

Ndinalakalaka ndikanapanda kuika pa sipika. Bambo sanasunthe. Anangoyang'ana foniyo, chala chikusisita m'mphepete mwa tebulo. Ndinamuuza Mzime kuti Bambo ali pompano, akumva, ndipo anasiya mapilitsi a bipi chifukwa cha uthenga umenewo. Kuseka kuja kunatheratu. Ndinamva akuyenda, chitseko chikutsekedwa, phokoso n'kuchepa. Anayamba kupepesa mosokonekera, akuti sankadziwa, akuti Bambo chonde musasiye mankhwala, akuti iyeyo ndi chitsiru. Pa mfundo yomalizayi sindinamutsutse.

Bambo anamusiya amalize. Kenaka anaweramira pafoni, poti amakhulupirira kuti munthu akakhala kutali uyenera kuyandikira.

"Ngati sumvera, umatumiziranji?"



"Kuti mudziwe kuti ndadzuka," anatero Mzime. "Kale ndinkaimbira amayi, iwo n'kumayankhula, inu n'kungopereka moni kumapeto. Pano sindidziwa kuti ndiziti chiyani kwa inu, Bambo. Koma sindifuna kuti kuche musanaone dzina langa."

Bambo anatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale. Ine ndinayang'ana kudenga, pamene pali banga la utoto, chifukwa maso anga anali atayamba zawo.

"Ndiye uzingoti ndadzuka," anatero Bambo. "Inenso ndiziti ndadzuka. Amayi ako ndiwo anali ndi nkhani, ife tilibe. Palibe mlandu."

Mzime anati chabwino, mawu ake ali ngati a munthu wa chimfine. Anati abwana ake akumuitana, ndipo foni inaduka. Bambo anakokera kambale kaja kwa iwo, anayang'ana pilitsi mbali zonse ngati akuyeza wasala watsopano wa mpope, n'kundipempha madzi. Nditabweretsa anafunsa ngati muli ndimu, ndinati mulibe, anati ndibweretse kachidutswa poti nesi sanaletse. Ndinabweretsa. Anamwa. Saluni ndinatsegula mochedwa, ndipo amayi awiri amene ankandidikira pakhomo anandinena mokwanira, ine ndikungomwetulira ngati wopusa.

M'mawa mwake ndikupaka buledi majarini, foni ya Bambo inalira patebulo. Anavala magalasi n'kudina. Munalibe kanyimbo kumbuyo, munali phokoso la basi ndi mawu a mlongo wanga, amanyazi ngati a mwana amene amuimiritsa kutsogolo kwa kalasi.

"Ndadzuka, Bambo. Mwamwa?"

Bambo anaumvera kawiri. Kenaka anandifunsa pamene amadina akafuna kuyankha ndi mawu, poti nthawi zonse ankalemba ndi chala chimodzi chija. Ndinawaonetsa n'kuwauza kuti agwire osasiya mpaka amalize. Anagwiradi. Anakonza kukhosi, anati adzuka. Anati kuno kwacha bwino koma kuli kamphepo. Anati achemwali ako apsereza buledi dzulo, zomwe zinali zabodza. Anafotokoza za presha kuyambira pachiyambi, za mpope wa m'mbali mwa msewu, za sinki ya m'saluni, za mwana wa aneba amene wayamba kuyenda. Munthu amene dzulo lake anati alibe nkhani! Amuna anga anaima pakhomo la khitchini ndi kapu m'manja, akundiyang'ana, mapewa akugwedezeka.

Chala chikadali pafoni, Bambo anatola pilitsi ndi dzanja linalo n'kuliika pa lilime. Anayandikitsa foni pakhosi, anakweza tambula, n'kumeza mokweza kuti gwaa.

"Ndamwa," anatero. "Wamva wekha."